Kachidutswa ka Lena ka m'Phula

ZOLEMBEDWA ZA MSONKHANO WA KOMITI YA TIYIMIRIRE, GULU LA MABANJA OKHUDZIDWA NDI KHANSA

Tsiku: Loweruka, 14 Juni 2025
Malo: Chipinda cha kwaya, kuseri kwa tchalitchi, Kabwata
Opezeka: Bambo Gilson Mbewe (wapampando), Mayi Rachael Tembo (mlembi), Bambo Nicodemus Zulu, Mayi Pearl Mutale, Bambo Abson Lungu
Mlendo: Dokotala Emmy Kalenga, wofufuza za khansa
Osapezeka: Bambo Edmond Sakala (anapepesa, kuli maliro ku Chunga)

1. Kutsegula

Msonkhano unayamba 14:20 ndi pemphero la Mayi Mutale. Linali lalitali ndithu.

2. Zotsala za msonkhano wapita

Mlembi anakumbutsa komiti za pempho la ofufuza. Munthu akamayezedwa khansa, madokotala amadula kachidutswa ka chotupa n'kukasunga m'phula longa la kandulo. Tizidutswa ta zaka zambiri tidakali kuchipatala, ndipo eni ake ambiri anatisiya. Ofufuza akufuna komiti iwaperekeze kwa mabanja kukapempha chilolezo choti ayeze tizidutswato. Paokha sangapite, poopa kutchedwa a Satana osaka magazi.

Wapampando anabwereza mawu awo a mwezi watha, akuti akufa asiyidwe apumule. Palibe anawatsutsa. Tonse tikudziwa kuti akazi awo, malemu Lena Mbewe, amene ankatsogolera kwaya m'chipinda chomwe chino, anayezedwa kuchipatala chomwecho asanamwalire ndi khansa ya khomo la chiberekero.

3. Kufotokoza kwa Dokotala

3.1 Dokotala anayamba ndi kunena kuti thupi linamangidwa ndi maselo, ndipo m'selo lililonse muli majini. Mayi Mutale anadzambatuka. "Ba Dokota, mwakamba ati majini? Ine mulibe! Bananipemphelela kudala!" Dokotala anapepesa, n'kufotokoza kuti sakunena mizimu yoipa ayi, koma malangizo amene timatengera kwa makolo, ouza selo zochita. Komiti inagwirizana kuti liwu limenelo lisadzamveke pakhomo pa munthu, tizinena kuti "malangizo a m'thupi". Mayi Mutale anakhala pansi, koma chikwama chawo anachikumbatirabe.

3.2 Dokotala anati kuchokera m'malangizo aja mumatuluka mauthenga olamula selo kupanga ichi ndi icho. Ndiye pali tinthu tating'onoting'ono totchedwa maikro-RNA, timene ntchito yake ndi kugwira uthenga panjira n'kuutontholetsa. Kamodzi kokha kamatha kutontholetsa mauthenga mazanamazana, ndipo mwa munthu muli mitundu yoposa chikwi. Anati tinapezeka koyamba m'kanyongolotsi kovuta kukaona ndi maso, ndipo kwa zaka zingapo akatswiri ankayesa kuti ndi zachibwana za nyongolotsi basi, osadziwa kuti iwonso akuyenda nato. Bambo Zulu anapempha kuti abwereze. Anabwereza. Bambo Zulu anavula magalasi n'kumayang'anitsitsa chikhatho chawo ngati ndi cha munthu wina. Mlembi naye anagoma, moti apa zolemba zinaima kaye.

3.3 Pa za khansa, Dokotala anati tina mwa tinthuti timaletsa selo kuchulukana mopyola muyeso. Tikasowa, chotupa chimakula popanda wochidzudzula. Tina tikachuluka timatontholetsa malangizo oteteza thupi omwewo. Bambo Lungu anafunsa ngati mankhwala ake alipo. Dokotala anayankha mosapsatira kuti adakali kuyesedwa, ena obwezera tosowato, ena otsekereza tochulukato, koma palibe amene avomerezedwa, ndipo kuyesa kwina kunaimitsidwa odwala atadwalika nawo. Anati sakulonjeza kuchiza aliyense. Chimene akufuna ndi kudziwa mmene tinthuti tilili mwa amayi a kuno, poti zambiri zodziwika zinachokera kwa anthu a maiko ena.

3.4 Apa Bambo Zulu anaomba m'manja. "Manje ni monga ba Lena! Kamuzimai kafupi so, koma bakaimika chala chimozi chabe, ise ba besi bonse zii!" Anthu anaseka, kenako anakumbukira kuti amene wakhala pampando ndi mwamuna wa malemuwo, kuseka kunathera panjira. Dokotala, amene malemuwo sanawadziwe, anati fanizolo lakhoza, pakuti kwaya yopanda woitontholetsa imasanduka phokoso.

3.5 Wapampando anafunsa motsitsa mawu. "Ba Dokota, munthu tinamuika m'manda, papita zaka. Mukamba kuti tunthu utu tukalimo?" Dokotala anati inde. Mauthenga ataliatali amadukaduka, koma tinthuti, chifukwa cha kuchepa kwake, timakhalitsa m'phulamo zaka zambiri ndipo timawerengeka bwinobwino. Anati za munthu wakutiwakuti sanganene pagulu, ndi banja lokha limene lingafunse. Wapampando anatembenukira kukona kumene kudakali kabokosi kamatabwa kamene malemu ankaimapo kuti a kumbuyo aziwaona. Zinali zochititsa nthumanzi, kumva kuti kanthu kochepa chonchi kangapirire kuposa mwini wake.

4. Chigamulo

Mayi Mutale anakana pempholo, akuti thupi ndi la Mulungu ndipo tikatosa mabala amene anayamba kupola. Bambo Lungu anakananso, ponena kuti mankhwalawo akadzapezeka adzathera kwa olemera a ku Kabulonga, osauka a ku Chunga adzangowamvera pa wailesi. Bambo Zulu ndi mlembi anavomera. Zinali awiri kwa awiri, ndipo malamulo athu amati zikatero wapampando ndiye adule.

Wapampando anapempha kuti asavote popeza nkhaniyi ikuwakhudza. Bambo Lungu anati m'chipinda muno mulibe amene siikumukhudza. Pamenepo wapampando anapempha kuti mawu awo alembedwe momwe awanenera: "Nenze kuganiza ati Lena anasila. Kansi ikalipo nchito yamene angagwile. Uja mukazi sanali kukonda kunkala chabe. Yambilani pa nyumba panga."

Komiti inagamula kuti iperekeza ofufuza kwa mabanja, ndipo banja lokana lisaumirizidwe ngakhale pang'ono. Bambo Lungu anaonjezera kuti zotsatira zidzabwere kwa mabanjawo m'Chinyanja, zikhale zabwino kapena ayi. Dokotala anavomera. Mayi Mutale anapempha kuti kukana kwawo kulembedwe, ndipo kwalembedwa. Anapemphanso kuti popita kwa Bambo Mbewe adzapite nawo, akatsegule ndi pemphero.

5. Zina ndi zina

Wapampando anafunsa ngati banja lingaloledwe kukaona kachidutswa ka m'bale wawo. Dokotala anati akafunsa kwa akuluakulu, koma anachenjeza kuti palibe choona kwenikweni, ndi kanthu kochepa ngati njere ya mpunga. Wapampando anati palibe kanthu, mwini wakenso sanali wamkulu.

6. Kutseka

Msonkhano wotsatira udzakhala Loweruka, 12 Julaye 2025, malo omwewa. Tinatseka 16:05 ndi nyimbo. Bambo Zulu anakweza besi yawo mpaka kukwirira tonse, monga akhala akuchitira chimwalirireni Mayi Lena. Wapampando anaimika chala chimodzi. Besi inatsika.

Gilson Mbewe, Wapampando ____________

Rachael Tembo, Mlembi ____________