Kansalu kofiira pa injini ya alamu anga

Aphungu,

Ndine msilikali wopuma, wa zaka za m'ma 40, koma musandiganizire za mfuti. Zaka zanga zonse ku usilikali ndinali kokonzera ndege, mbali ya zamagetsi: wailesi imene woyendetsa amalankhulira ndi apansi, mawotchi a kutsogolo kwake osonyeza mafuta ndi liwiro, ndi mawaya onse olumikiza zimenezi. Ndege sinkanyamuka ine ndisananene kuti zili bwino.

Nditapuma ndinabwera kuno kunyanja, kufupi ndi Khombedza, kwawo kwa akazi anga a Dailes. Kwathu ku Mchinji makolo anatha kale, minda abale anagawana ine ndili kutali. Ndiye ndine mkamwini, wa imvi zanga.

Ntchito ndaifuna mpaka nsapato kutha. Kampani ina ya ndege zing'onozing'ono ku Lilongwe inandilandira bwino, ndi tiyi yemwe, koma ataona mapepala anga anati, "Awa ndi a ku usilikali, bambo. Kuno timafuna laisensi ya ndege za anthu wamba." Kwina konseko, akangomva kuti msilikali wopuma, amandionetsa chibonga ndi tochi kuti ndikhale mlonda.

Alamu anga a Masautso, achimwene awo a akazi angawa, ali ndi boti la injini lophera usipa. Usipa amaupha masiku a mdima, mwezi ukakhala kulibe, pouitana ndi mababu oyaka ndi batire. Anandimvera chisoni n'kundipatsa ntchito yoyang'anira batire ndi mababuwo. Ndinathokoza ndi mtima wonse.

Koma zimene ndinapeza m'botimo, Aphungu, zinandisowetsa mtendere. Mawaya osendeka, opotokola ndi manja, okulunga ndi majumbo a shuga, akudutsa m'mbali mwa chigubu cha petulo. Tsiku lina polumikiza ndinaona moto ukuthetheka. Ndinawapempha kuti tigule waya watsopano ndi bokosi loikamo batire. Anaseka. "Alamu, ili ndi boti, si ndege. Mdima uno uthe kaye, tidzaona."

Mtima unakana. Botilo limanyamula anthu ambiri, ena ndi ana a anansi athu omwewa. Ku usilikali, ukapeza vuto umamangirira chizindikiro chofiira pamalopo, ndipo palibe amene angaikhudze ndegeyo mpaka iwe utachichotsa. Manja anangochita okha zimene anazolowera. Ndinachotsa batire ndi mapulagi a injini n'kukasunga kunyumba, ndinang'amba kansalu kofiira n'kumanga pa chogwirira cha injiniyo, basi ulendo wa ku Salima pa boma kukagula waya. Sindinauze munthu aliyense. Kwa ine kansaluko kanali katanena kale zonse.

Waya woyenera ndinaupeza mochedwa, ndinagona kwa mnzanga. Pamene ndimafika m'mawa mwake, mudzi wonse unali utamva kuti msilikali watchera boti la mlamu wake. Alovi, anyamata ogwira ntchito m'botimo, atachiona chofiiracho sanayandikire n'komwe. Akuti asilikali tonse ndife okhwima, timabwera ndi mankhwala a kutali. Ndinafotokoza, ndinaonetsa wayayo, koma ndinkangokhala ngati ndikulankhula ndi mafunde. Alovi ena anasamukira ku boti lina. A Masautso anaitana munthu wa zitsamba kudzachotsa kansaluko ndi ndodo, ndipo mdima unatha boti lili pamchenga.

Chondiwawa kwambiri ndi ichi. A Masautso anagula batire lina ndi mapulagi ena, analumikiza mawaya akale omwewo, ndipo mdima wotsatira boti linapita n'kubwera lodzaza ndi usipa, osapsa, osatani. Anthu akuti, mwaona tsono, vuto linali munthu uja.

Lero palibenso wobwera ndi foni kapena wailesi kuti ndimukonzere monga ankachitira kale. Kutchalitchi benchi limene ndakhalapo limakhala ndi malo ambiri. Ana anga, Tamanda ndi Precious, akubwera kusukulu atatupa maso. A Dailes amagulitsa usipa pamsika wa Khombedza, ndipo ankautenga kwa achimwene awo. Tsopano achimwene awowo akuwadumpha ngati sakuwadziwa. Apongozi anga anangondiuza kuti, "Mkamwini asamakule mwendo." Dzana a Dailes, osandiyang'ana kumaso, anati, "Bambo a Tamanda, mwina mukapumeko kaye kwina, mitima ya anthu izizire." Sananene kuti kwinako ndi kuti, ndipo akudziwa kuti ndilibe.

Aphungu, ndatopa ndipo ndikuchita manyazi. Kodi munthu wa luso ngati langali ali ndi malo kunja kuno, kapena zaka zonse zija ndinkangodzinamiza? Akuti ndikapepese, koma ndipepese chiyani, poti ndimateteza miyoyo? Batire ndi mapulagi zidakali pansi pa bedi. Chikwama ndayamba kulongedza. Maganizo anga ndi ongokwera minibasi ya ku Lilongwe ndikalandire chibonga chija.

G.K., Khombedza, Salima

Bambo G.K.,

Kalata yanu yandikhudza, koma sindikusisitani pamsana. Pa waya paja munakhoza. Moto ndi petulo sizifunsa ngati zili m'ndege kapena m'boti, ndipo boti kupita n'kubwera sikutanthauza kuti lili bwino. Pa zina zonsezo munalakwa. Munatenga katundu wa munthu pa nthawi imene amapezera chakudya cha ana ake, simunamuuze, n'kusiya chizindikiro chomveka m'kampu mokha. Munabadwira ku Mchinji inu, osati mumlengalenga. Mukudziwa bwino zimene anthu amaganiza akaona kansalu kofiira pa katundu wawo. Mphamvu yoimitsa ndege ija inali ya yunifolomu, ndipo munaibweza tsiku limene munabweza yunifolomuyo.

Choncho batire ndi mapulagi zituluke pansi pa bedi, masana anthu akuona. Musapite nokha. Tengani ankhoswe anu ndi mkulu wa mpingo mmodzi amene a Masautso amamulemekeza. Mukapepese chifukwa chotenga osapempha ndi chifukwa chochoka osanena. Waya watsopano uja muwapatse m'manja, ndipo munene kamodzi, ndi pakamwa, alovi akumva, kuti mawaya akalewo angathe kuyatsa moto. Musatsegule sukulu pamenepo. Akamva, tithokoze Mulungu. Akakana, botilo ndi lawo, ndipo okweramo amva okha. Pemphaninso abusa akupatseni mpata wofotokozera mpingo tanthauzo la kansalu kaja. Sindikunamizani kuti mbiri ya ufiti itha mawa. Ena adzakalamba nayo.

Tsopano za ntchito. Khomo la ndege za anthu wamba m'dziko muno ndi lopapatiza: ndegezo ndi zochepa, ndipo laisensi imafuna mayeso, nthawi ndi ndalama. Komabe musagamule mlandu ndi mawu a kampani imodzi. Pitani ku ofesi yoyang'anira za ndege mukafunse nokha ngati zaka zanu zingawerengedwe, ndi mayeso amene angafunike. Safunsa anadya phula. Funsaninso kwa amene amaulutsa tindege topanda munthu tija, chifukwa nato timayenda ndi mawaya ndi mawailesi. Koma musakhale pansi kudikira ndege ana akugona ndi njala.

Siyani kuyamba ndi mawu oti msilikali wopuma pofunsira ntchito. Mawu amenewo ndi amene akukuitanirani chibonga. Nenani kuti ndinu katswiri wofufuza ndi kukonza mavuto a zamagetsi ndi mawailesi, za usilikali zibwere pambuyo. Pemphani akuluakulu anu akale akulembereni umboni wa ntchito yanu m'mawu amene bwana wamba angamve. Mukayesedwenso luso ku sukulu ya ntchito zamanja kuti mukhale ndi pepala lodziwika kunja kuno, ngakhale mukakhale benchi limodzi ndi anyamata osamera ndevu. Zikuwawani, koma sizikuphani.

Kenako funani anthu amene amalipira munthu wokana zachidule. Alipo: osamalira makina a m'zipatala ndi mafiriji a katemera, okonza nsanja za mafoni, nyumba zoulutsira mawu, makampani a sola. Musanapite kutali, yendani kwa alimi a mthirira ngati a ku Chinguluwe muone ngati pali mapampu kapena masola ofuna wowayang'anira. Khalidwe limene lakudanitsani kunyanjako, kumalo amenewa ndi limene amalisowa. Yembekezani malipiro ochepa poyamba, ndi bwana wamng'ono kwa inu. Ulonda musaunyoze, ukulera mabanja ambiri, koma ngati muulowa ukhale poima podikira, osati pofikira. Ndipo aliyense wokulonjezani ntchito ya ndege kunja kwa dziko, bola mupereke kaye ndalama ya penshoni, muthaweni.

A Dailes sindikuona ngati akukuthamangitsani. Atopa. Ali pakati pa mwamuna ndi m'bale wawo, ndipo msika wawo wafa pa mlandu umene sanapalamule. Inu mwandiuza za manyazi anu, koma kodi iwo munawapepesa? Yambani ndi iwowo, musanapite kwa alamu anu.

Chenjezo langa ndi ili: musakwere minibasi nkhaniyi isanakambidwe. Mukachoka lero, mudzi udzati wathawa chifukwa zinali zoona, ndipo sipadzakhala wotsutsa. Kuno kwathu ana amatsala kwa amayi awo, ndipo wowayang'anira adzakhala amalume awo omwewo. Ntchito mwina mudzaipeza ku Lilongwe. Koma Tamanda ndi Precious adzakhala akuyankha okha mafunso a anzawo za bambo awo, inu kulibe, ndipo tsiku lina adzatopa n'kusiya kukana.

Aphungu