Kafayilo kotsekereza mawu a amayi

Lolemba, 5 Ogasiti
Arobaini ya amayi, sadaka ya tsiku la 40 chimwalirireni, ndi Loweruka. Mlongo wanga Zaidi sabwera, mapepala ake ku Joni sanatheke. Akuti, "Achemwali, mungonditumizirako mawu awo aja." Mawuwo ali m'karekoda kanga kakale ka kukoleji. Sipika inafa, laputopu nayo sikukazindikira. Pulogalamu yotulutsira mawu ilipo, koma laputopu yangayi imayendera Linux, osati Windows, ndiye ndiyenera kuimanga ndekha.

Lachiwiri, 6 Ogasiti
"recdev.h: No such file or directory." Kakusowa kafayilo ka heda, kouza pulogalamu zimene zili mulaibulale, nkhokwe ya makodi imene imadalira. Ndaika phukusi la mafayilo lotchedwa -dev, loti ntchito yake ndi kubweretsa heda yomweyo. Kulitsegula, laisensi ilimo, malangizo alimo, heda mulibe! Anthu awa, kukupatsa ndowa yopanda chogwirira.

Lachitatu, 7 Ogasiti
Ndakwera pachulu kuseri kwa sukulu kusaka netiweki, ndalembera osamalira phukusilo. Andiyankha ndi makina, akuti alandira.

Liwaladzi yense palibe woti ndimufotokozere. Azakhali anga a Mariamu, akupeta mpunga: "Bushra, anzako akutunga madzi a maliro a mayi ako, iwe uli pa TV yakoyo." Ndangoti pepani azakhali. Ndakalilira kubafa. Amayi nawo sankazimvetsa zangazi, koma ankakhala pambali panga.

Lachinayi, 8 Ogasiti
Zii. Batire ya karekoda yayamba kutupa. Ndili ndi mantha.

Lachisanu, 9 Ogasiti
Wayankha munthu, sindikudziwa ngakhale dziko lake. Akuti popanga phukusilo anaiwala kafayiloko, ndikatenge m'magwero a laibulaleyo. Mwaphuma ndatenga ka vesheni ina, zolakwa mbwee pasikirini. Ndibwererenso pachulu, netiweki yathawa.

Loweruka, 10 Ogasiti
M'mawa ndakwera chulu ndi chitenje chophikira. Kafayilo kolondola kabwera. Pulogalamu yamangika, osadandaula kanthu.

Ndadzitsekera kuchipinda alendo akudzaza pabwalo. Ndimayesa ndimva kaswida, nyimbo yachisilamu ija amayi ankaimba akuchapa. Ayi ndithu. Phokoso la nkhuku, kenako iwowo: "Bushra iwe, kanthu kako kakundiona? Dikira kaye ndivale mpango!" Ndiye kuseka kwawo kuja, mpaka kutsokomola.

Chitseko chatseguka. Azakhali, chipande m'manja. "Akuyankhula muno ndani?"

Akhala pansi pafupi nane, chipandecho pamiyendo.

"Bwereza," atero.