Nyimbo ya Malilo pa Kamemole Kanu

Alongo anga a Mabvuto,

Muli bwanji ku Kitwe pamodzi ndi alamu? Ife kuno ku Kacholola tili bwino. Mwana wanga Tiza malungo aja anamusiya, akuyamwa. Koma ndalemba mothamanga, mtima uli m'mwamba.

Kamemole kanu kaja, kamene munasakanizamo nyimbo za ukwati, za ku chalichi ndi kulila kwa mbuzi, kandiputila mlandu. Mailo masana mwana anavuta, ndiye ndinakaika mu sipika kuti agone. Itatha ya mbuzi panabwela nyimbo ya malilo, ine ndili kuchapa kuseli. Anthu onse amadziwa kuti Tiza anadwala. Amai Tembo, aneba athu, anafika akulila, manja kumutu, ena pambuyo atasenza kale nkhuni. Anapeza mwana ali m'tulo, akupuma bwinobwino.

"Nanga watisiya ndani?" anafunsa.

Ndinati, "Palibe amai, ndi sipika."

Anaseka mpaka kukhala pansi. Manje anyamata a pamseu akulimbilana kuti ndiwatumizile nyimboyo pa foni.

Apongozi okha sanaseke. Akuti ndikuitanila mdzukulu wao imfa, ndipo Loweluka aitana ankhoswe kuti ndibwelele kwathu. Ndikuopa, alongo, koma ndidziwa kuti inu amakumvelani. Muwaimbile foni lelo lomwe, muwauze kuti nyimbozo munasanja ndinu ndi nthabwala zanu zija. Ine sindichoka pa banja langa chifukwa cha sipika.

Mukatumiza kena, ya malilo muchotse. Ya mbuzi isiyeni, ndiyo imamugoneka.

Mulungu akusungeni nonse.

Ndine mlongo wanu,
Esinati