Mpata wa Chala Pakati pa Thabwa ndi Khoma

Okondedwa Bambo,

Ndikhulupirira kuti mukudzuka bwino pamodzi ndi amayi. Nanga msana uja ukukulolani kugwira sowo? Ine kuno ndili bwino, kungoti ntchito inatsala pang'ono kundipulumuka m'manja.

Ndinalowa ntchito yoyala pansi m'nyumba za anthu, ndipo adakandiyesabe. Zoyala zake zilipo ziwiri. Vinilo ndi wofewa, saopa madzi, ndiye timamuika kukhitchini ndi kubafa. Lamineti ndi timatabwa tolumana tokha m'mbali, popanda msomali kapena guluu. Tsiku loyamba ndinangoti kukamwa yasa! Pansi timayala kasiponji kopyapyala, matabwa pamwamba, basi yatha.

Chimene chinandizunguza mutu n'chakuti akapitawo amati tizisiya mpata wolowa chala pakati pa thabwa ndi khoma. Ine mumtima ndinati ulesi uwu. Si inu munandiphunzitsa kuti mpata ndi manyazi a kalipentala? Atandipatsa chipinda choti ndiyale ndekha, ndinagunditsa matabwa onse kukhoma, ngakhale nyerere sikanadutsa. Pamwamba ndinakhomerapo kathabwa ka m'mphepete, palibe anaona.

Mvula itangoyamba, mwini nyumba anaimba foni kuti pakati pa chipinda patukuka ngati mzere wa m'munda. Akapitawo anandiimika pamwamba pake, pansi pakunesa, n'kundiuza kuti thabwa limamwa chinyezi n'kufufuma, ndipo likasowa kolowera limakwera m'mwamba. Anati ndiphwasule ndiyalenso, pakadzatukukanso ndisadzaonekenso kuntchito. Manyazi ndi mantha zinandigwira nthawi imodzi. Ndayalanso, mpata ndasiya, mpaka lero pagona bwino.

Koma chichitikireni zimenezi mutu wanga sukupuma, ndipo musandione mwano. Chitseko cha kuchipinda kwanu, chimene amayi amachikankha ndi phewa dzinja lililonse mpaka phewa kutupa, inu n'kumati nyumba ndiyo ikupendama, kodi si nkhani yomweyi? Pempho langa ndi limodzi. Chizuleni, muchipale pang'ono m'mbali, mundiuze chimene chichitike. Ngati mwakwiya, kalipirani ine, koma phewa la amayi lipume.

Mundiperekere moni kwa amayi, azakhali, achemwali ndi alamu anga. Achimwene mukawawerengera kalatayi, muwauze asaseke kwambiri, pulena yopalira chitsekocho akagwire ndi iwo.

Ndine mwana wanu,
amene munamuphunzitsa kugwira hamala.