Umboni Wanga Wandichotsa pa Ntchito

Amayi,

Kodi kumeneko mukukhala bwanji, mayi wanga? Ndine Fanuel wanu, ndikulemba ndili ku Wolverhampton, kuja munkalephera kukutchula n'kumangoti "kwa azungu". Papita zaka zitatu chikuikireni m'manda ndipo nkhani zaunjikana. Ndiyamba ndi zabwino, chifukwa zinazo zifuna mukhale pansi.

Amake Chisomo anachira mu Febuluwale, mwana wamkazi. Tamutcha Tadala. Chipumi ndi chanu ndithu, ndipo akakwiya amakunga nkhope ngati mmene munkachitira wogulitsa usipa akakweza mtengo. Chisomo ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Chichewa amamva chonse, koma ukamufunsa mmene wadzukira amangoti "I'm fine, Dad." Amake akadali namwino ku chipatala cha ku New Cross. Kamunda kamene ndinapatsidwa ndi khonsolo ndinadzalamo chimanga, chinatalika kundiposa, koma chisanu chinafika chisanakhwime. Nkhwani wokha ndiye wachita bwino, moti amayi a kumpingo amabwera ndi majumbo. Kumudzi achimwene a Maliko akuti mtedza wabereka, koma denga la nyumba yanu layamba kudontha.

Tsopano zinazo. Nditabwera kudzakudwazikani munandifunsa chifukwa chake ndinkakoka mwendo. Ndinati ndi nsapato. Ndinanama, Amayi, ine amene ndimadzitama kuti sindinama. Madokotala akuno akuti ndi MS, matenda a mitsempha, ndipo sachiritsika. Miyendo imauma gwa, kenako imayamba kudumpha yokha. Mapilisi amene anayamba kundipatsa ankangondisinzitsa dzuwa likuswa mtengo. Chaka chatha dokotala wamkulu anapempha chilolezo chapadera ku boma n'kundiitanitsira kabotolo kopopera m'kamwa kuchokera kunja. Pasanathe milungu iwiri ndinayamba kukwera masitepe osagwira khoma.

Mankhwalawo amapangidwa kuchokera ku chamba. Basi, ndanena. Ndikukumbukira tsiku limene munapeza chamba cha msuweni Jolamu kuseri kwa chulu, m'munda mwanu. Munachizula ndi manja, osadikira khasu, n'kunena kuti, "M'nyumba mwanga ilowe njala, koma misala ayi." Ine sindisuta, Amayi, ndipo sindiledzera nazo. Ndimapopera monga dokotala analembera, n'kupita ku ntchito.

Ntchito yake ndi ija ndinakuuzani, yokonza njinga za olumala ku kakampani kena ku Bilston. Ndagwirako zaka zisanu ndi chimodzi. Palibe sukulu inandiphunzitsa. Manjawa anaphunzira pa njinga zakapalasa pansi pa mtengo paja pa Mponela, zotsalazo ndinawerenga ndekha m'mabuku.

Chinandipalamulitsa ndi umboni. Mpingo wathu umakumana mu holo ya sukulu imene timabwereka, ndipo anthu aja anapempherera miyendo yanga chaka chathunthu. Inu mukudziwa, munthu akakupempherera, ukapeza bwino umaimirira n'kunena. Amake Chisomo anandichenjeza tili m'basi kuti, "Mukangoti Mulungu wagwiritsa ntchito madokotala, mukakhale pansi." Ndinaterodi. Ndinayenda kutsogolo uku ndi uku, anthu akululutira. Ndiye mayi wina anafuula kuti, "Mankhwala ake ati, achimwene, tikauzeko ena?" Kodi ndikananama nditaimirira pamaso pa Mulungu? Ndinati ndi a chamba, olembedwa ndi dokotala. Mkulu wa mpingo, wa ku Zambia, anatsokomola n'kundifunsa kuti, "Ba Phiri, mwati bwanji?" Ndinabwerezanso. Mumtima ndinkati zonenedwa m'tchalitchi zimathera m'tchalitchi momwemo.

M'holomo munali a Makwinja, a ku Thyolo, amene ineyo ndinawapezera ntchito ku kampani kwathu. Lolemba pa nthawi ya tiyi, ndikulowa, iwo anaimirira n'kunena m'Chingerezi kuti azungu amve bwino, "Apatseni njira a Rasta!" Anthu anaseka, iwo n'kufotokoza nkhani yonse, mpaka kutsokomola kwa mkulu wa mpingo. Sanafune kundipweteka, ndikudziwa. Ndi munthu amene akapeza nthabwala sangagone nayo. Lachitatu ndinaitanidwa ku ofesi, anandipatsa kakapu kuti ndikodzeremo akayeze chamba, wina ataima pakhomo. Bambo wa ana awiri, Amayi. Zotsatira zitabwera anandisaspenda, kundiimitsa kaye ntchito.

Apa ndivomere kulakwa kwanga. Za matendawa ndinawauza kalekale a manijala, koma za mankhwala ndinabisa. Ndinkachita manyazi. Ku mpingo ndinatha kuyankhula, ku ofesi mawu akuti chamba anandikanika pakhosi.

Milungu itatu ndinkakhala ku laibulale ndi dikishonale, kuwerenga malamulo a ntchito mzere ndi mzere, n'kumalemba m'kope. Ndinapeza kuti lamulo la kuno sililola kusala munthu pa ntchito chifukwa cha matenda ngati angawa. Ku mitingi ndinapita ndi kope langa, kalata ya dokotala, ndi mayi wa yuniyoni, bungwe lathu la ogwira ntchito, dzina lake Pauline, wa ku Dudley, amene Chingerezi chake ndimachimva theka. Zinkayenda bwino. Ndinawafunsa mabwanawo za mnzanga wina, mzungu, amene amamwa mapilisi amphamvu a msana n'kumasinza sipanala ili m'manja, ngati iye anapatsidwapo kakapu. Kenako a manijala, akumwetulira, anandifunsa ngati kwathu ku Africa aliyense amagwiritsa ntchito zimenezi. Amayi, ndinamenya tebulo. Tiyi anatayikira pa mapepala awo. Ndinawauza kuti mayi anga ankazula chamba ndi manja iwo asanadziwe kupukuta mamina. Pauline anangotseka maso. Munkandiuza inu kuti, "Fanuel, mkwiyo wako umafika iwe usanafike." Tsiku limenelo unafikadi msanga.

Kalata yawo inabwera ndi njira ziwiri. Ndisaine kuti ndavomera kupita kosungira katundu wa kampani kukamata mapepala pa makatoni, osagwiranso sipanala, malipiro otsika. Kapena ndisiye mankhwala, azindiyeza mwezi ndi mwezi. Ndikapanda kusaina pofika Lachisanu lomaliza la mwezi, ntchito yatha. Akuti akuopa ngozi.

Ndinayesa kusiya, osauza dokotala. Masiku asanu ndi atatu. Tsiku lomalizalo, masana, ndikutsika masitepe nditanyamula Tadala, mwendo wamanja unangouma pakati pa njira. Sindinagwe. Ndinakhala pansi pomwepo, mwana ndamukumbatira, mwendo ukunjenjemera, iye akuseka poyesa ndi masewera. Tinakhala pamenepo mpaka amake atabwera ku shifiti. Anamutenga mwana, anakwera m'mwamba, n'kubwera ndi kabotolo kaja n'kukaika m'manja mwanga.

Za kusiya zinathera pomwepo. Inatsala njira ya makatoni. Amake Chisomo ankati, "Sainani, abambo a Chisomo, ntchito ndi ntchito. Ine ndatopa." Ndipo atopadi, mashifiti owonjezera awadya, mapazi amatupa. Sindikuwanena. A Makwinja nawo anabwera kudzapepesa atanyamula nkhuku ya m'shopu, maso ali pansi. Mukanadabwa, sindinawakalipire. Mphamvu zake ndinalibe.

Lachisanu lapitali ndinapita. Pepala ndinalibweza momwe linabwerera. Ndinayankhula motsitsa, Pauline ndi mboni. Ndinati zaka zonsezi palibe njinga imene ndinakonza inabwezedwapo, ngakhale chaka chimene ndakhala ndikupopera mankhwalawa, ndipo ngati akukayika atsegule mabuku awo aone. Ndinati kusaina pepalalo ndi kuvomera kuti ndine woledzera, ndipo sindine. A manijala anati apepesa kuti zafika pamenepa. Ndinalowa mu wekishopu, ndinapukuta masipanala anga imodzi imodzi, n'kuwalongedza. Bokosi linandilemera. A Makwinja anasiya ntchito yawo n'kundinyamulira mpaka pokwerera basi, njira yonse osatsegula pakamwa. Chiwadziwireni, aka kanali koyamba.

Ndiye pano ndili pakhomo, Amayi, lova wa zaka makumi anayi ndi ziwiri. Nkhani yapita ku khoti la za ntchito. Pauline akuti zitenga miyezi, ndipo sanandinamize: akuti za tebulo zija akazitulutsa, za kubisa mankhwala akazitulutsanso, ndipo tikhoza kuluza. Ku mpingo ena amandipatsa moni ndi nsonga za zala. Amake Chisomo anakhala masiku awiri osandiyankhula. Lero m'mawa ndawapeza akuika kalata ya dokotala ndi makalata ena onse m'kathumba ka pulasitiki, motsatana masiku ake. Anangoti, "Inu mukawasokoneza." Basi.

Ndatopa, sindikubisirani. Masiku ena ndimati mwina ndikanangosaina, makatoni sapha munthu. Koma ndikaganiza zodzuka tsiku lililonse kukamata mapepala, wina akumanga mabuleki mokhota ine ndikuona, ndimadziwa kuti ndikanadzamenya tebulo lina, lalikulu kuposa lija.

Ngati mwakhumudwa ndi za mankhwalawa, khumudwani, ndinu mayi anga. Koma muzindiyang'ana mmene ndikukwerera masitepe ndi mdzukulu wanu. Ndikulonjezani chinthu chimodzi. Tsiku la khoti ndikaima ndi miyendo yangayi, ndikanena zonse monga zilili, za chamba ndi za kubisa komwe, ndipo manja ndikawapinda kumbuyo mpaka woweruza atamaliza kuyankhula.

Ndimakukondani, ndipo ndakusowani kwambiri chaka chino.

Ndine mwana wanu,
Fanuel