Wapanjinga wa Bambo

Lachiwiri, 12 Ogasiti

Okondedwa Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino, poti kuno chatsala n'kukhulupirira basi. Foni yanu imangoitana. Kalatayi ndapatsira dalaivala wa thiraki amene akuti amakuonani kudoko.

Nkhani ndi ya bambo athu. Mukukumbukira zidole zawo za waya ndi malata zimene ankaimika padenga kuti mphepo izizivinitsa. Inu mutachoka anapanga china, munthu wopalasa njinga, wamakutu otambalala ngati anu. Miyendo itayamba kuwakanika, sankathanso kutuluka kukamuona. Ndiye alamu anu, amene kukonza mafoni kunawaphunzitsa kuti chilichonse chimangosowa batire, anatsitsa wapanjingayo n'kumuika pawindo la kuchipinda. Anamumangirira kamota ndi kachipangizo kotenga zanyengo pa intaneti, kuti azipalasa molingana ndi mphamvu ya mphepo.

"Tiike mphepo ya kuti, bambo?" anafunsa alamu anu.

"Ya kumene kuli mwana wanga. Ya kuno ndimaimva m'mawondo."

Kuyambira pamenepo wapanjinga ndi inuyo. Akathamanga, bambo amati mwachedwa kuntchito. Akamayenda mwaulesi, amati mwakhuta. Mwezi watha kwanuko kunachita bata, chidole chinaima, ndipo bambo anakankha mbale. Ndinawafotokozera kuti makina amayeza mphepo, sayeza munthu. Anati, "Iwe kusukulu unakaphunzira kuyankha."

Alamu anu anaona ngati apeza nzeru. Bambo ali kubafa, anadula za intanetizo n'kusiya kamota kazingozungulira. Tsiku limenelo bambo anadya. M'mawa mwake anayang'anitsitsa chidolecho mpaka tiyi anazizira, kenako anandiitana.

"Mwananga, mphepo imapuma. Iyi sikupuma. Munamuika liti m'manda mchimwene wako?"

Ndalumbira, ndalira, ndawaonetsa chithunzi chanu cha chaka chatha. Alamu anu abwezeretsa mawaya onse, koma bambo akuti wonama ndi waya kamodzi anganamenso. Akungomwa madzi. Lamba wawo watha mabowo. Anesi akuchipatala akuti mankhwala awo a mtima aja pamimba yopanda kanthu ndi poizoni, ndiye tawasiyitsa.

Musatumize uthenga wolemba, adzati talemba ndife. Imbani, amve mawu anu. Kaya ntchito inatha, kaya munakwatira mobisa, kaya ndi manyazi chabe, palibe akufunseni. Ngakhale mungotsokomola pafonipo, chifuwa chanu amachidziwa.

Ana akupereka moni. Alamu anu akupereka moni, maso ali pansi. Bambo ndawafunsa ngati ali ndi mawu oti ndikulembereni. Anati akufa salemberedwa kalata, koma poti ndine wamakani ndilemba ndithu, ndikuuzeni kuti muwadikire panjira, sachedwa.

Ine mlongo wanu,
Chitsirizira