Kapayipi ka Bambo ndi Galimoto ya Azamba

Lachinayi, 16 Meyi

Okondedwa Bambo,

Kuno kwacha ndi mvula yowaza, ndipo ndikulemba m'mawa uno nditakhala pa benchi lanu m'galaja, pakona paja posadontha. Ndamva kuti ng'ala ya diso lamanzere aichotsa bwino, ndipo ndathokoza Mulungu. Poti adokotala sanakuloleni kuwerenga, ndikudziwa kuti kalatayi akukuwerengerani ndi achemwali. Achemwali, chonde musadumphe mzere uliwonse, ngakhale pamene pakundichititsa manyazi.

Mukuikumbukira galimoto yotuwa ya azamba, ya tebo yowonjezera mphamvu ya injini ija? Inabwera Lolemba ikudwala. Ikaima injini ikulira, inkanjenjemera mpaka makiyi kumagundana, nthawi zina n'kuzima. Akaponda moto inkayamba yatsamwa ngati ikuganiza kaye, kenako n'kudumpha. Azamba anati inawazimira pamphambano akuthamangira kwa mayi amene matenda anali atayamba.

Bambo aang'ono, amene munawasiyira galaja, anasintha mapulagi, koma sizinathandize. Anaona sefa ya mpweya, anaona pampu ya petulo, kenako anabwereka kompyuta kugalaja ya tsidya la msewu. Kompyutayo inangoti mpweya ukuchuluka kuposa petulo, osanena kuti ukulowera pati. Pofika Lachiwiri madzulo anali atatopa, ndiye anauza azamba kuti tebo yatha. Azamba anangoti abwera mawa lake masana kudzaitenga, akayese kwina.

Apa ndiye povuta, Bambo. Ndinatsegula bokosi lanu la zida, lija munati munthu asalikhudze. Ndinadziwa kalekale kuti kiyi mumaibisa kuseri kwa kalendala. Sindinatengemo sipanala ngakhale imodzi. Ndinangotenga kapayipi kobiriwira kaja mumaika kukhutu pomvetsera injini, kamene bambo aang'ono amakaseka kuti ndi foni yanu yoimbira magalimoto.

Zaka zonsezi mumaona ngati ndimangosesa. Ndinkasesadi, koma nthawi zonse pafupi ndi inu, n'chifukwa chake malo anu ankayera kuposa pena paliponse. Ndinkaona mukuika kapu ya madzi pamwamba pa injini kuti muone kugwedera kwake, ndipo ndinkamva mukudzilankhulira nokha kuti chitsulo sachimasula munthu asanachimvetsere.

Dzulo m'mawa ndinazungulira galimotoyo ndi tsache katatu ndisanalimbe mtima. Kenako ndinapempha bambo aang'ono kuti ailize. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Iwe Chete, walankhula? Mawa kugwa mvula." Ndiye mwina mvula ya leroyi ndi yanga.

Anailizabe, akuseka. Ndinamanga mpango kuti usakodwe ndi lamba wa injini, ndinaika kapu ya madzi, kenako ndinayamba kuyendetsa kapayipi pang'onopang'ono monga mumachitira. Poyamba ndinkangomva mtima wanga. Nditafika pa chipayipi chakuda chochokera kusefa kupita ku tebo, ndinamva kaphokoso ngati ka munthu akuyamwa tiyi wotentha. Pamwamba chinkaoneka chabwinobwino. Nditapisa dzanja kunsi, pafupi ndi chitsulo chomangira, chala chinalowa mumng'alu.

 Ndinangotseka mng'aluwo ndi chala chachikulu. Madzi m'kapu anadekha. Nditachotsa chala, anayambanso kuvina. Bambo aang'ono anasiya kuseka n'kuti, "Tachitanso." Ndinachita kanayi. Kenako anapisa dzanja lawo, anapukusa mutu, ndipo anayamba kundifotokozera kuti mpweya wolowera pamenepo galimoto siuwerengera, n'chifukwa chake petulo amaperewera, komanso kuti munthu akaponda moto injini imapendekeka ndipo mng'aluwo umayasama kwambiri. Ndinkadziwa, Bambo, ndinamva kwa inu, koma ndinawasiya amalize.

Chipayipi china anachipeza kusitolo ya zida, ndipo zomangira anandipatsa ine kuti ndimange. Azamba atabwera anaiyendetsa mpaka kumtunda kwa msewu n'kubwerera akumwetulira. Atayamba kuthokoza bambo aang'ono, iwo anandiloza ndi sipanala n'kuti dokotala wake ndi uyo wa tsacheyo. Ine ndinabisala kuseri kwa boneti, koma azamba anandipeza komweko n'kundigwira dzanja, osalabadira girisi.

Tsopano pempho langa. Mwezi uno ukatha ndiyenera kupita kwa azakhali kukaphunzira kusoka, monga munakonzera. Tsiku lomwe munandiuza ndinati chabwino, chifukwa kukana pamaso panu sindingathe. Ndikudziwa kuti munandifunira zabwino, poona kuti sukulu ndinalekezera kupulayimale. Koma mtima wanga uli muno, Bambo. Ndikupempha mundilole ndikhale, ndiphunzire ntchito yanu. Bambo aang'ono akuti iwo alibe vuto, bola mawu achoke kwa inu, ndipo akuti ndikuuzeni kuti foni yanu ija sadzaisekanso.

Bokosi ndatseka, kiyi ndabwezera kuseri kwa kalendala. Kapayipi kokha sindinabweze, ndakapachika pamsomali pamwamba pa benchi. Mukati ndikabweze, ndikabweza, ndipo ndilongedza chikwama popanda kudandaula.

Mupereke moni kwa alamu ndi ana. Achemwali, zikomo powerenga zonse, ndipo mundiuze moona mmene nkhope yawo inaonekera pa nkhani ya bokosi ija. Bambo, musamatikite disolo, muzithira mankhwala panthawi yake. Ndikufuna likhale bwino ndithu, kuti mukabwera mudzaone nokha mmene ndinamangira zomangira zija, ndipo ngati ndinalakwitsa mudzandikonze.

Ndine mwana wanu,
Chete

Ndamaliza lero lomwe Lachinayi, 9 koloko m'mawa. Mvula yakata, ndipo pageti paima galimoto.